Ngalande Imene Tinawoloka ku Congo

Kuno ku Dublin anthu amandidziwa ngati bambo uja wokankha mabedi pachipatala chachikulu cha ku Dublin 8. Ndimatenga odwala kuwodi kupita nawo kokajambulidwa, kuchokera kumeneko kubwerera nawo kuwodi, tsiku lonse, ndipo sindidandaula. Koma ntchito imene inanditulutsa koyamba m'Malawi sinali imeneyi. Ndinatuluka nditanyamula mfuti, ndili msilikali wamba m'bataliyoni imene inatumizidwa ku Congo kukasungitsa mtendere.

Kwathu ndi ku Nchalo, m'malaini a anthu ogwira ntchito m'minda ya nzimbe. Bambo anga anali oyang'anira madzi. Ankayenda pa njinga m'mbali mwa ngalande, kutsegula mageti ndi kutseka, kuti munda uliwonse umwe pa nthawi yake, ndipo kunyumba nkhani yawo inali yomweyo basi. Nditalowa usilikali anzanga anamva za kwathu, ndipo a Sajeni Mbewe, amene ankatsogolera pulatuni yathu, anandipatsa dzina lakuti Wanzimbe. A Mbewe anali a ku Mchinji, aafupi, a mawu ngati ng'oma. Kutukwana kwa iwo kunali ngati moni, koma sankagwira mbale asanaone kuti aliyense m'pulatuni wadya.

Tsiku lonyamuka mkazi wanga anaima pageti la kampu atabereka Tadala, mwana wathu, amene anali asanayambe kuyenda. Sanalire. Anangoti ndikabwere ndi ziwalo zonse, za katundu alibe nazo ntchito.

Miyezi yoyamba ku Congo inali ya matope, nyemba za m'zitini ndi kulondera misewu. Tinaphunzira Chiswahili cha pamsika, chokwanira kugula nthochi ndi kufunsa njira. Ndinkagona tenti imodzi ndi Yohane Banda wa ku Dedza, munthu wokonda kuseka, amene ankasunga chithunzi cha chibwenzi chake m'chipewa.

Kenako kunabwera lamulo lakuti bataliyoni yonse ipite kukalanda tauni ina imene zigawenga zinakhalamo miyezi yambiri. Inali tauni ya fakitale ya shuga. Titatsika m'magalimoto n'kuona nzimbe mbali zonse, ndinamva ngati ndafika kwathu. Pakati pa ife ndi tauniyo panali ngalande yaikulu yothirira minda, yotambalala ngati msewu wa tara, makoma ake a simenti otsetsereka, madzi ake omiza munthu wamtali. Mlatho unali umodzi wokha, ndipo tsidya lake zigawenga zinaunjika matumba a mchenga n'kuikapo mfuti ziwiri zachiwaya. Anthu a m'tauni, amene sanathe kuthawa, anawatsekera m'shedi yosungiramo shuga.

Tinayesa kuwoloka m'mawa, pamlatho pomwepo. Galimoto yathu yankhondo inatsogola, ife tikubwera pambuyo pake chowerama. Itafika pakati pa mlatho inaombedwa ndi bomba, n'kuima chopingasa, utsi uli tolotolo, njira yatsekeka. Pulatuni ina inalamulidwa kuti iyese kusambira chakumunsi, ndipo Yohane anali atabwerekedwa kumeneko tsiku limenelo. Amene anafika tsidya analephera kukwera khoma chifukwa cha ndere. Ankati akagwira, n'kuterereka, akagwira, n'kuterereka, zipolopolo zikuwagwera ngati matalala. Yohane sanaomberedwe n'komwe. Anamira ndi kulemera kwa katundu wake. Tinabwerera m'nzimbe titanyamula ovulala, palibe woyang'ana mnzake kumaso.

Tinakhala m'nzimbemo masiku awiri, masamba akutichekacheka, udzudzu ukutidya masana. Tsiku lachiwirilo kunatulukira bambo wina wa m'tauni amene anathawa posambira. Anauza akuluakulu athu kuti zigawenga zikukonzeka kusamuka mkuja, ndipo anthu a m'shedi aja ziwatenga kupita nawo kunkhalango, amuna akhale onyamula katundu, atsikana akhale akazi awo. Nkhaniyi inayenda m'bataliyoni monse mwakachetechete. Aliyense ankadziwa kuti tikayesanso pamlatho tikathera pomwepo, ndipo tikakhala, anthuwo apita.

Ine ndinali nditakwawira kumapeto kwa munda kangapo kukasuzumira ngalandeyo. Kamangidwe kake kanali ka kwathu ndendende. Ndinalimba mtima n'kupita kwa a Sajeni, amene anali kupukuta mfuti, n'kuwauza kuti madzi amenewa sagwa kumwamba, ali ndi geti kwinakwake kumtunda kumene ngalande imapatuka pamtsinje. Getilo likatsekedwa, madzi abwerera kumtsinje ndipo ngalande iphwera.

Anaseka, n'kunena kuti Wanzimbe wayamba kulota kwawo. Kenako anasiya kupukuta mfuti ija n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anadzuka n'kundigwira pamkono, ndipo tinadutsa kwa mkulu wa pulatuni, kwa mkulu wa kampani, mpaka ndinapezeka ndaima pamaso pa mkulu wa bataliyoni yonse, munthu amene ndinali ndisanalankhulepo naye chilowereni usilikali. Iwo anati za getilo akuzidziwa, anthu awo analiona kale, koma zigawenga zinazula chiwongolero chotsekera, ndipo chitsulo chotsalacho chinagwirana ndi dzimbiri. Kuliphulitsa kukanangowonjezera madzi. Ndinayankha kuti kwathu akuba ankazulanso ziwongolero kukagulitsa, koma bambo anga sankasiya minda kuti imire. Ankakulunga tcheni panati yaikulu ya pamwamba, kulowetsa paipi yaitali, anthu n'kumakankha mozungulira.

“Ukutsimikiza kuti litsika?” anandifunsa.

“Kulonjeza sindingalonjeze, bwana. Koma likatsika, pofika masana madzi akhala m'chiuno.”

Anayang'ana a Sajeni, a Sajeni n'kunena kuti mnyamatayu ndi waulesi pothamanga koma sananamepo. Basi, lamulo linaperekedwa: ife khumi tipite kugeti m'mawa, otsala onse adule nsungwi apange makwerero.

Tinanyamuka kutacha, titanyamula tcheni, paipi, hamala ndi chigubu cha oyilo wa galimoto. Tinayenda m'nzimbe pafupifupi maola awiri. Pagetipo panalibe mlonda, poti zigawenga zinkakhulupirira kuti chiwongolero zili nacho izo. Tinathira oyilo, kumenya natiyo ndi hamala yokulunga m'thumba kuti isamveke, kukulunga tcheni, n'kukankha anthu anayi. Sinasunthe. Tinakankha asanu ndi mmodzi, paipi n'kuyamba kupindika. A Sajeni anatukwana geti, anatukwana amene analipanga, kenako anayamba kutukwana ine. Thukuta linkandilowa m'maso, ndipo m'maganizo ndinkaona nkhope ya mkulu wa bataliyoni ija.

Pamenepo ndinakumbukira kuti bambo sankalimbana ndi nati yadzimbiri mbali imene akuifuna. Ankayamba aibweza kumbuyo pang'ono, ngati akutsegula, kuti dzimbiri lisweke. Ndinawauza anzanga kuti titembenuke. Wina anati ndapenga, tikufuna kutseka osati kutsegula, koma a Sajeni anati timvere mwini ngalande. Tinakankha chobwerera, natiyo inalira ngati mbuzi, n'kusuntha. Titabwerera mbali yotsekera inayamba kuyenda. Tinazungulira ngati ng'ombe, kusinthana, zikhatho zikusupuka, mpaka getilo linakhala pansi ndipo madzi anayamba kukhuthukira kumtsinje ndi mkokomo. A Sajeni anandimenya kumsana mwamphamvu moti ndinatsala pang'ono kugweramo.

Pobwerera tinathamanga. Titafika, pakhoma la ngalande panali pakuoneka kale mzere wonyowa wosonyeza pamene madzi anali m'mawa. Tsopano mantha anali akuti a tsidya aona ndipo adziwa. Tinagona m'nzimbe, makwerero ali pambali, tikuyang'ana mzere uja ukukula. Cha m'ma 3 koloko kumwamba kunada bii, mphepo inaweramitsa nzimbe, mvula n'kuyamba, mvula ya ku Congo imene munthu suona mnzako ali patsogolo pako. Mkulu wa bataliyoni sanadikire kuti ikate. Kampani imodzi inayamba kuombera pamlatho ndi mizinga ndi chilichonse chimene inali nacho, kuti zigawenga ziganize kuti tabweranso njira yomwe ija. Ife makampani awiri tinatsikira pamene ngalande imakhota, chakumunsi.

Tinatsetsereka ndi matako. Madzi analidi m'chiuno, koma pansi panali matope omeza nsapato, moti phazi lililonse unkachita kulizula. Makwerero tinawanyamula pamutu. Titafika khoma la tsidya tinawaimika, koma ankaterereka pa ndere, ndiye ena tinauzidwa kuwagwira m'munsi. Ine ndinakumbatira athu, phewa ndatsamiritsa kukhoma, ndipo aliyense wokwera ankayamba waponda paphewa langa. Oyamba anakwera bwinobwino. Ndinayamba kuganiza kuti tidutsa osamveka.

Sitinadziwe kuti m'kanyumba ka pampu kamene kanali pafupi munali chiwaya chachitatu. Chinadzuka mwadzidzidzi. Zipolopolo zinkang'amba madzi, simenti ikuthethekera kumaso, amene anali pamakwerero akugwera pa ife. Anthu mazana tinali m'ngalande ngati nsomba m'mono, kutsogolo moto, kumbuyo khoma loterera. Ndinamva wina akuitana mayi ake. Kenako ndinamva nsapato yolemera paphewa panga, n'kuona kuti ndi a Sajeni, mabomba awiri a m'manja ali pachifuwa. Anandiuza kuti ndikasiya makwererowo adzandipeza ngakhale kumanda.

Zimene anachita pamwambapo sindinazione, ndinamva kwa amene anali kale kumtunda. Anakwawa m'kangalande kakang'ono ka m'mbali mwa msewu mpaka kuseri kwa kanyumbako, n'kuponya mabomba onse awiri pawindo. Pobwerera, wina amene anali kuthawa anawaombera mwendo wakumanzere, m'munsi mwa bondo. Ife m'madzimo tinangomva kuphulika kawiri, chiwaya chija n'kukhala chete. Ndiye munthu wina anakuwa kuti tiyeni, ndipo bataliyoni inakwera khoma lija ngati linthumbu. Sindidziwa kuti ndi nsapato zingati zinandiponda. Phewa limeneli mpaka lero limandiuza kukamabwera chisanu. Ndinakwera womaliza pamakwerero athu.

Zigawenga za pamlatho zitamva mfuti kumbuyo kwawo sizinadikire. Zinasiya mfuti zachiwaya zija, miphika ili pamoto, n'kuthawira kumapiri. Dzuwa lisanalowe tauni yonse inali m'manja mwathu.

Loko wa pashedi tinamuthyola ndi hamala yomwe ija ya kugeti. Titatsegula zitseko, m'katimo munali anthu odzaza, atakhala pansi, chete, akungotiyang'ana. Palibe anasuntha. Mmodzi wa ife anawauza m'Chiswahili chake chothyokathyoka kuti ndife Amalawi, zatha, atuluke. Mayi wina anaimirira n'kuyamba nthungululu, ndipo shedi yonse inaphulika. Anatigwira manja, kutigwira nkhope, ena kugwada m'matope. Ife amene tinali tisanalire Yohane tinalirira pomwepo, kenako tinaimba nyimbo zathu za pa perete mvula ikutikhuthukira.

A Sajeni tinawanyamula pachitseko n'kuwalowetsa m'shedi momwemo, poti ndege sikanatha kubwera mvula isanakate. Mabandeji a dokotala wathu anali atatha ndi ovulala ena. Mayi wina wa m'shedimo anang'amba chitenje chake n'kuthandiza kumanga mwendowo, n'kukhala pambali pawo akuwapukuta kumaso. Moyo wawo unapulumuka. Mwendo anakaudula kuchipatala.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza nyumba ya makolo ili ndi malata a ndalama zimene ndinkatumiza, ndipo abale amene kale sankandidziwa anayamba kunditcha achimwene. Tadala anali akuyenda, ndipo atandiona anathawira kuseri kwa mayi ake akulira. Bambo anali atapuma ntchito, maso atayamba kuchita khungu. Ndinawafotokozera zonse, za tcheni, za paipi, za kubweza nati kumbuyo. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anandifunsa funso limodzi lokha.

“Nanga getilo munalitsegulanso?”

Ndinati eya, tinabwerera m'mawa mwake, chifukwa madimba a anthu amamwa momwemo.

“Ndiye unagwira ntchito,” anatero, n'kupempha tiyi.

Kwa a Mbewe zinthu sizinayende. Anawapumitsa usilikali n'kubwerera ku Mchinji ndi ndodo ziwiri ndi mwendo wapulasitiki umene unkawatupitsa chitsa. Pa wailesi tinkamva kuti nkhondo yabukanso m'madera omwe aja. Anayamba kumwa. Nditapita kukawaona anandiuza kuti mwendo wawo anakautaya kwa eni ake popanda chifukwa, ndipo anthu aja mwina anaphedwa chaka chotsatira. Anthu akawafunsa za mwendowo ankati inali ngozi ya njinga yamoto. Ngakhale ana awo aang'ono ankadziwa choncho.

Mkazi wanga ndi namwino, ndipo ndi iye anayamba kupeza ntchito kuno. Ine ndinatsiriza zaka zanga, n'kuvula yunifolomu, n'kumutsatira ndi Tadala. Tinapeza nyumba ku Mulhuddart. Ntchito yanga yoyamba inali yonyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ku Citywest, mabasi awiri kupita, awiri kubwera, mvula yosakata, zala zosamva kanthu ndi kuzizira. Anzanga a pashifiti anali a ku Poland, a ku Brazil, ndi m'bale mmodzi wa ku Chipata amene tinkagawana naye chakudya n'kumatsutsana kuti Chinyanja chenicheni ndi cha ndani. Za usilikali sindinkauza munthu. Ukanena kuti unali kunkhondo ku Africa anthu amakuyang'ana mwanjira ina. Tadala anakula akumva Chichewa n'kumayankha m'Chingerezi, ndipo ankangodziwa kuti adadi anali m'gulu la asilikali, basi. A Mbewe ndinkawaimbira Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Nthawi zambiri sankayankha.

Nditalowa ntchito ya kuchipatala, pawodi ya okalamba panali mayi wina wothandiza anamwino, dzina lake Furaha. Tinkangopatsana moni. Tsiku lina pa buleki tinakhala tebulo limodzi, ndipo anandifunsa kwathu. Nditati ku Malawi, anaika kapu pansi. Anati iye ndi wa ku Congo, ndipo Amalawi amawadziwa, anabwera kwawo ali mtsikana. Ndinafunsa kuti kwawo kuti. Anatchula tauni ija.

Ndinamufunsa m'Chiswahili, chimene ndinali ndisanalankhule zaka zonsezi, ngati anali m'shedi ya shuga. Anagwira pakamwa. Buleki inatha tili pomwepo, mpaka sisitala wa pawodi anabwera kudzatifuna, n'kutipeza tonse awiri tikupukuta maso. Furaha anandiuza kuti m'mawa wa tsiku limenelo zigawenga zinali zitasankha kale atsikana oti zipite nawo, iye ali m'gulumo, atawakhazika pakona pawokha. Ndipo mayi amene anang'amba chitenje anali mayi ake aang'ono. Mpaka imfa yawo ankafunsa ngati msilikali wamfupi uja anakhala moyo.

Lamulungu lotsatira Furaha anabwera kwathu ku Mulhuddart ndi mwamuna wake ndi ana awo atatu, wamkulu atavala juzi ya timu ya mpira ya kusukulu kwake. Titadya ndinaimbira a Mbewe pa vidiyo. Ndinaimba katatu. Kachitatuko anayankha, atakhala pakhonde, ndevu zosameta, n'kundifunsa kuti Wanzimbe ukufuna chiyani, anthu akupuma. Ndinati pali mlendo akufuna kuwapatsa moni, n'kupereka foni.

Furaha anawayang'ana, n'kunena kuti ndi omwewo, ankagona pachitseko chobiriwira akutukwana dokotala. Anayamba kufotokoza pang'onopang'ono kuti amve: za pakona pamene anawakhazika, za mfuti zimene anazimva mvula ili mkati, za zitseko zikutseguka. Anawauza kuti nkhondo inabweradi kachiwiri, koma inapeza anthu ambiri atachoka, ndipo a m'shedi muja lero ali ku Goma, ku Kampala, ena kuno ku Ulaya, ali ndi mabanja. Kenako anaitana ana ake mmodzimmodzi kuti aime patsogolo pa foni, n'kuwatchula mayina. Tadala anali ataima pakhomo la kukhitchini, mbale ili m'manja. Anandinong'oneza kuti, “Dad, you never told me,” ine n'kungogwedeza mutu.

A Mbewe anaika foni pansi. Nkhope yawo inachoka, foni n'kutsala ikuonetsa malata a khonde. Tinamva ndodo zikugogoda pansi, chitseko chikutseguka, kenako zii. Mwamuna wa Furaha anandiyang'ana, ine ndinaganiza kuti ndalakwitsa, ndawatsegula bala. Tinadikira mwina mphindi zisanu.

Foni itadzukanso, inali m'manja mwa mwana wawo wamkazi. A Mbewe anali ataimirira pabwalo, atavala jekete yawo ya usilikali imene inali itayamba kuwathina, mabatani onse atamanga. Kumbuyo kwawo kunali akazi awo, ana, ndi anthu oyandikana nawo amene ankabwera akupukuta m'manja, ena atanyamula mipando. Mawu aja a ng'oma anali atabwerera.

“Wanzimbe, uwauze mayiwo ayambirenso poyamba. Iwe uzimasulira m'Chichewa, mokweza, kuti aliyense pano amve kumene kunapita mwendo wanga.”

Furaha anakhala bwino pampando, ine ndinakhala pambali pake, ndipo tinayambira pa tsiku limene zigawenga zinalowa m'tauni.